Moyo wa Zélie Martin Woyera, Mayi Wosoka Lesi wa ku Alençon

Palibe Mkatolika wa dziko lathu lino amene sadziwa dzina la Teresia Woyera wa Mwana Yesu. Chithunzi chake chili m'matchalitchi ambiri, ana athu aakazi osawerengeka anabatizidwa m'dzina lake, ndipo tili ndi asisitere a kuno kwathu amene amatchedwa ndi dzina lomwelo. Koma mukafunsa kuti mayi amene anabala Teresia anali yani, nanga ankagwira ntchito yanji, owerengeka okha ndiwo angakuyankheni. Mayiyo ndi Zélie Martin. Papa Francis anamulemba m'kaundula wa oyera pa 18 Okutobala 2015 pamodzi ndi mwamuna wake Louis, ndipo aka kanali koyamba kuti Eklezia alengeze mwamuna ndi mkazi wake kukhala oyera limodzi monga banja.

Ndafuna kukusimbirani moyo wake chifukwa cha kankhani kamene kamamveka kawirikawiri m'maparishi mwathu. Mtsikana akanena kuti mtima wake uli pa zosoka madiresi, kapena pa ntchito ya m'sitolo, kapena pa kukonza maphwando a ukwati, alipo akuluakulu ena a mpingo amene amapukusa mutu, poyesa kuti zimenezo nzachabe za pansi pano, zosayenera mwana wopemphera. Tsono Zélie Martin sanali sisitere, sanafere chipembedzo, ndiponso sanawoloke nyanja kukalalika. Zaka zoposa 20 anazitha akupanga ndi kugulitsa chokongoletsera zovala cha mtengo wapatali, chimene ankachikwanitsa kugula akazi olemera okhaokha, ndipo Mulungu anamupeza ali m'kati mwa ntchito imeneyo.

Anabadwa pa 23 Disembala 1831 pamudzi wa Gandelain, m'chigawo cha Normandy ku France, ndipo dzina lake la ubatizo linali Marie-Azélie Guérin. Bambo ake, a Isidore Guérin, anali msilikali amene anamenya nawo nkhondo za Napoleon, nadzakhala wapolisi pambuyo pake. Mayi ake anali Akhristu olimba, koma ouma mtima pa kaleredwe ka ana. Zélie mwini anaulula m'makalata ake kuti ubwana wake unali wachisoni, ndipo tikudziwa kuti sanamugulire ngakhale chidole chimodzi, chinkana ankachilakalaka ndithu. Mutu unkamupweteka kawirikawiri. Mu 1844 banjalo linasamukira m'tauni ya Alençon, kuti ana akapeze sukulu, ndipo kumeneko Zélie ndi mkulu wake Marie-Louise anaphunzira kwa asisitere.

Atakula anapita kukagogoda kwa asisitere a chipani cha Vincent de Paul Woyera, amene ankasamala odwala pachipatala cha m'tauniyo, napempha kuti amulandire. Mkulu wa asisitere anamubweza. Apa mtsikanayo anazindikira kuti njira yake idzakhala ya banja. Koma mwambo wa kumeneko unali wosiyana ndi wathu, pakuti mkazi ndiye ankayenera kubwera ku ukwati ndi chuma chake, ndipo makolo a Zélie analibe chuma choti amupatse. Anachita novena kwa Amayi Maria, ndipo pa 8 Disembala 1851, tsiku la chikondwerero cha Maria Virigo wopanda tchimo lobadwa nalo, anamva mumtima mwake ngati wina akumulamula kuti ayambe ntchito yopangitsa lesi ya ku Alençon. Analowa sukulu ya luso limeneli, ndipo mu 1853, asanakwanitse zaka 22, anatsegula ntchito yakeyake m'nyumba ya makolo ake pamsewu wa Saint-Blaise. Mkulu wake anamuthandiza kufuna ogula, ndipo kampani ina ya ku Paris yotchedwa Pigache inayamba kutenga katundu wake.

Inu awerengi, mawu awa akuti lesi asakusokonezeni ndi ulesi, pakuti zinthu ziwirizi nzotalikirana ngati kum'mawa ndi kumadzulo. Lesi imene timagula m'masitolo masiku ano imalukidwa ndi makina, nchifukwa chake njotsika mtengo. Ya ku Alençon imapangidwa ndi singano imodzi ndi ulusi wopyapyala ngati tsitsi, popanda nsalu ina pansi pake. Choyamba amajambula maluwa ndi masamba papepala, kenaka amaboola chithunzicho ndi timabowo pachikopa chofewa. Wosoka amatsata timabowoto ndi ulusi, naluka kaukonde kosaoneka bwino ndi maso, nadzaza maluwa, nakweza m'mphepete mwake kuti aoneke otumphuka. Akatha amadula ulusi umene unagwira chikopa, lesi nitsala payokha. Kachidutswa kofanana ndi chikhadabo cha chala kamadya maola 7 kapena kuposa. Mu 1665 Colbert, nduna ya mfumu Louis XIV, anakhazikitsa nyumba ya mfumu yopangira lesi ku Alençon, pofuna kuti ndalama za anthu a ku France zileke kuthera ku Venice, kumene olemera ankagula lesi yawo. Luso limeneli silinafe, ndipo mu 2010 bungwe la UNESCO linalilemba m'ndandanda wa chuma cha makolo choyenera kusungidwa ndi anthu onse.

Popeza ntchitoyo inali yochedwa chotero, munthu mmodzi sakanatha kusoka yekha lesi ya diresi lathunthu. Zélie ankalandira oda, naigawa m'tizidutswa kwa akazi amene ankasokera kunyumba kwawo, ena m'tauni, ena kumidzi, ndipo nthawi zina akaziwo ankafika pafupifupi 20. Aliyense anali ndi mbali yake imene anaizolowera. Tsiku Lachinayi, limene linali la msika, onse ankabwera ndi zimene asoka. Zélie ankayang'ana chidutswa chilichonse, nakonza zolakwika, nalipira mwini wake, namupatsa ntchito ya sabata ya mawa. Koma mbali yovuta koposa zonse ankaisungira yekha, ndiyo kulumikiza tizidutswato kuti tikhale nsalu imodzi, mwakuti wogula, ngakhale ayang'anitsitse chotani, asaone pamene pathera dzanja la uyu ndi pamene payambira dzanja la uyo. Masiku amenewo anali a ufumu wa Napoleon III, pamene mfumukazi Eugénie ndi akazi a kunyumba ya mfumu ankakonda lesi, kotero malonda ankayenda.

Mu Epulo 1858, akuwoloka mlatho wa Saint-Léonard, anakumana ndi mwamuna wamtali, wofatsa m'mayendedwe, ndipo mtima unamuuza kuti ameneyo ndiye wake. Anali Louis Martin, wa zaka 34, wokonza ndi kugulitsa mawotchi ndi zokongoletsa za golide. Nayenso poyamba anafuna moyo wa m'chipani, nakwera mapiri a Alps kukapempha malo kunyumba ya Grand-Saint-Bernard, koma anamubweza chifukwa sankadziwa Chilatini. Ife amene tinatuluka nacho thukuta Chilatinicho ku seminale timumvera chisoni. Anakwatirana patangopita miyezi itatu, pakati pa usiku wa pa 12 kucha wa pa 13 Julayi 1858, m'tchalitchi cha Notre-Dame, popanda phokoso. Louis anapatsa mkwatibwi wake medulo ya siliva yokhala ndi chithunzi cha Tobiya ndi Sara. Miyezi 10 yoyamba anakhala ngati munthu ndi mlongo wake, poganiza kuti potero akondweretsa Mulungu koposa, mpaka wansembe wowalapitsa anawaunikira bwino za sakramenti la ukwati. Anamvera, ndipo pakati pa 1860 ndi 1873 anabala ana 9.

M'nyumba imodzi munali tsono malonda awiri, mawotchi a bambo ndi lesi ya mayi. Tsiku lililonse awiriwo ankapita ku Misa ya hafu pasiti faifi m'mamawa, imene inkadzaza ndi anthu aganyu ndi antchito a m'nyumba. Lamulungu sitolo ya Louis inali yotseka, chinkana limenelo linali tsiku limene anthu a kumidzi ankabwera m'tauni ndi ndalama m'thumba, ndipo masitolo a anzake anali otsegula. Ena anamulangiza kuti azitseka khomo la kumsewu, ogula azilowera khomo la m'mbali, koma iye anakana. Zélie anali wa Chipani Chachitatu cha Fransisko Woyera, ndipo ankasonkhana ndi anzake kwa asisitere a Clara Woyera a m'tauni momwemo.

Akatekisti akudziwa kuti pakati pa machimo ofuula kwa Mulungu pali lija lomana wantchito malipiro ake. Apa ndi pamene ndiona ine kuyera kwa Zélie koposa pena paliponse. Ogula lesi anali olemera, ndipo olemera sachita changu kulipira ngongole. Akazi osoka anali osauka, oyembekeza ndalama ya Lachinayi kuti agule buledi. Zélie anali pakati pa awiriwo, ndipo kukanakhala kwapafupi kuuza osaukawo kuti adikire mpaka a ku Paris atumize ndalama, monga achitira amalonda ambiri. Iye sankatero. Ankalipira tsiku lomwelo, kuchedwa kwa olemera nakusenza yekha. Wantchito akadwala, ankapita kukamuona Lamulungu madzulo atanyamula chakudya. Mtsikana wake wantchito wa m'nyumba atagwidwa ndi nyamakazi, Zélie anamudwazika yekha usana ndi usiku kwa masabata atatu. Maoda akachepa, chimene chinkamusowetsa tulo chinali nkhope za akazi amene adzabwera Lachinayi, iye alibe ntchito yowapatsa.

Koma tisabise kuti ntchitoyo inali ndi mtengo wake, ndipo maliro sanachoke pakhomo pake. Kuyambira 1865 ankamva chotupa m'bere, ndipo m'kupita kwa nthawi analephera kuyamwitsa. Ana obadwa pambuyo ankawapereka kwa amayi ena oyamwitsa, monga unali mwambo wa m'matauni a ku France. Mwana wake wamwamuna woyamba, Joseph-Louis, atadwala kwa mayi womuyamwitsa kumudzi wa Semallé, Zélie ankayenda pansi makilomita 8 kukamuona, nabwerera ku singano yake. Mwanayo anamwalira mu 1867 asanathe chaka, ndipo mng'ono wake anamutsatira mu 1868. Makolowo ankapempha Mulungu mwana wodzakhala wansembe, koma anyamata onse awiri anawaika m'manda. Mu Febuluwale 1870 anamwalira Hélène, wa zaka 5, ali m'manja mwa mayi ake. Mu Okutobala chaka chomwecho anamwalira khanda Mélanie-Thérèse, amene mayi womuyamwitsa wa m'tauni anamulekerera ndi njala, makolo osadziwa. Ana anayi m'zaka zinayi, ndipo pakati pa maliro amenewa anaikanso bambo ake omubala, amene anawasunga m'nyumba mwake pa ukalamba wawo. Makalata ake a nthawi imeneyo sabisa misozi, ndipo pa imfa ya Hélène ankadziimba mlandu. Komabe anthu ena akamuuza kuti kukanakhala bwino anawo akanapanda kubadwa, iye ankakana ndithu, pakuti ankakhulupirira kuti ali moyo kwa Mulungu ndipo adzawaonanso.

Chaka cha 1870 chomwecho kunabuka nkhondo ya France ndi Prussia. Malonda a lesi anaima, ndipo mu Januwale 1871 adani analowa mu Alençon, banja la a Martin nilikakamizidwa kusunga asilikali 9 m'nyumba. Louis anali atagulitsa kale sitolo yake ya mawotchi kwa mphwake, kuti athandize mkazi wake. Taganizani mwamuna wa masiku amenewo kusiya luso lake, nakhala mlembi ndi wamalonda wa ntchito ya mkazi! Iye ndiye ankasunga mabuku a ndalama, nakwera sitima ya pamtunda kunka ku Paris kukaonetsa lesi m'masitolo akuluakulu ndi kutenga maoda, ndipo anali ndi diso labwino posankha zojambula. Nkhondo itatha malonda anabwerera mwamphamvu, banja nilikhala lopeza bwino.

Funso limene munthu angafunse ndi lakuti, popeza ndalama zinakwana, analekeranji kupumula? Zélie mwini ankadandaula m'makalata kuti wasanduka kapolo wa lesi, ndipo kawirikawiri ankakhala panyale mpaka usiku ndithu, ena onse atagona. Ankati akugwirira ntchito ana ake aakazi, kuti asadzasowe chuma cholowa nacho m'banja monga anasowera iye, ndiponso sankafuna kutaya akazi amene ankadya kuchokera m'manja mwake. Zifukwa zimenezi nzoona. Koma ine ndiganiza kuti panalinso china, ndicho mtima wa nkhawa umene anakula nawo m'nyumba ya mayi ake, mtima wosadziwa kukhala pansi. Oyera sabadwa ali okonzeka kale, ndipo nkhawa imeneyi Zélie analimbana nayo mpaka kumanda.

Amene anakula wopanda chidole sanafune kuti ana ake akule chimodzimodzi. Ankawagulira zidole, ndipo ankakonda kuwaveka bwino. Makalata ake opita kwa mlamu wake wa ku Lisieux ngodzaza ndi nkhani za madiresi, zipewa ndi nsapato, mtundu wa nsalu ndi mtengo wake, ndi kudandaula kuti atelala akuchedwa ndipo ana akukula msanga. Mkulu wake Marie-Louise, amene analowa usisitere wa Visitation ku Le Mans natchedwa Sisitere Marie-Dosithée, ankamuchenjeza kuti angaphunzitse anawo kunyada. Zélie ankalemekeza mkulu wakeyo kwambiri, koma sankamumvera pa zonse. Pamene mwana wake woyamba, Marie, anaitanidwa kumacheza a atsikana anzake, sisitereyo sanakondwe, koma mayi analola, poona kuti mwana wokhala m'dziko sangatsekeredwe ngati ali m'nyumba ya asisitere. Iye mwini ankavala zosaonetsa chuma, ndipo mayi amene lesi yake inkapita pamapewa a akazi olemera a ku Paris sankasamala zodzikongoletsa nayo.

Pa 23 Meyi 1875 mwana wake wachitatu, Léonie, analandira Ukaristia koyamba. Ku Alençon mabanja opeza bwino anali ndi mwambo woveka mwana mmodzi wosauka wa m'gulu la olandira. Zélie anasankha kamtsikana kena, nakaveka zoyera zatsopano kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanalekere pomwepo, pakuti anakaitana kuphwando la madzulo, nakakhazika pamalo aulemu, ndipo tsiku lonse sikanasiyane ndi Léonie. Teresia anali ndi zaka ziwiri zokha, koma phwando limenelo linakhazikika m'mutu mwake, mwakuti analikumbukira polemba mbiri ya moyo wake patapita zaka 20.

Chakumapeto kwa 1876 chotupa chija chinakula, ndipo madokotala anamuuza poyera kuti ndi matenda oopsa, ndi kuti nthawi ya opaleshoni inapita kale. Inali khansa ya m'bere. Anabwerera kunyumba, nauza banja lake, napitiriza kulandira akazi ake Lachinayi. Ankafuna kugulitsa ntchitoyo, koma wogula woyenera sanapezeke msanga, ndipo maoda amene analonjeza anayenera kutha. Mu Febuluwale 1877 Sisitere Marie-Dosithée anamwalira ndi chifuwa chachikulu.

Patangopita masabata ochepa chinaululika chinthu chimene chinamupyoza mtima koposa matendawo. Léonie anali mwana wovuta chibadwire, wodwaladwala, wochedwa kumva za m'kalasi, amene asisitere a ku Le Mans anamubweza kusukulu kwawo. Ankathawa mayi ake, osafuna kukhala nawo pafupi, ndipo Zélie sankamvetsa chifukwa chake. Tsono Marie anatulukira kuti mtsikana wantchito, yemwe uja Zélie anamudwazika, anali akulamulira mwanayo mobisa kwa zaka, ndi ziopsezo ndi kumenya, namuletsa kumvera wina aliyense koma iye yekha. Zonsezi zinkachitika m'nyumba momwemo, mayi ali chogwada pa singano m'chipinda china. Amayi amene muli pa malonda, ndi abambo omwe, nkhani iyi muiwerenge kawiri. Diso limene linkaona ulusi umodzi wolakwika pa lesi silinaone zimene zinkachitikira mwana wake. Zélie sanadzikhululukire ndi mawu. Anachotsa mwanayo m'manja mwa wantchitoyo nthawi yomweyo, namusunga pambali pake usana wonse, ndipo Léonie anayamba kumukangamira ngati khanda. Wantchitoyo anapempha ndi misozi kuti asachotsedwe mpaka atadwazika mayi wa nyumbayo, ndipo analoledwa, koma analetsedwa kulamulanso Léonie. Kuyambira pamenepo Zélie anafunitsitsa kuchira, chifukwa cha mwana ameneyu.

Nchifukwa chake mu Juni 1877 ananyamuka ulendo wa ku Lourdes pamodzi ndi Marie, Pauline ndi Léonie. Ulendowo unali wa mavuto okhaokha. Anataya kolona imene inali ya malemu mkulu wake, diresi linang'ambika, anagwa napweteka khosi, ndipo ngakhale analowa m'madzi a kasupe kangapo, sanachire. Louis anakamuchingamira kusiteshoni ali ndi ana aang'ono awiri, Céline ndi Teresia, akuyembekeza uthenga wabwino, ndipo wodwalayo ndiye anayamba kuseka ndi kusangalatsa mwamuna wake. Ana ake amene anakhumudwa ndi Amayi Maria anawadzudzula mofatsa.

Miyezi iwiri yotsatira ululu unakula kwambiri, mwakuti usiku ankasowa pogonera. Komabe Lachisanu loyamba la Ogasiti anadzikoka, atatsamira mkono wa mwamuna wake, kukamva Misa komaliza m'tchalitchi chimene anakwatiriramo. Pa 26 Ogasiti analandira sakramenti la kudzoza odwala, ana onse atagwada motsatana misinkhu, Louis akulira mosadziletsa. Atalephera kulankhula, anayang'anitsitsa mlamu wake, mkazi wa mlongo wake Isidore, ndipo mayiyo anamva kuti akumusiyira ana. Anamwalira pa 28 Ogasiti 1877, usiku pakati, ali ndi zaka 45. Teresia anali ndi zaka zinayi ndi theka, ndipo bambo ake anamunyamula kuti apsompsone mphumi ya mayi ake.

Louis anagulitsa ntchito ya lesi, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anasamukira ku Lisieux, kuti ana akhale pafupi ndi banja la amalume awo. Ndalama zimene singano ya Zélie inasonkhanitsa ndi zina mwa zimene zinalera anawo, bambo osafunikanso kugwira ntchito. Chuma cholowa nacho m'banja chimene mayi anachivutikira sichinapite kwa mkamwini aliyense, pakuti ana onse asanu analowa usisitere. Marie, Pauline, Céline ndi Teresia analowa Karimeli wa ku Lisieux. Léonie anayesa katatu nalephera, koma mu 1899 analowa kwa asisitere a Visitation ku Caen, nakhala komweko mpaka imfa yake mu 1941, ndipo mu 2015 Eklezia anatsegula mlandu wofufuza za kuyera kwa moyo wake.

Pa 10 Januwale 1889 Teresia analandira chovala cha Karimeli. Mwambo wa nthawi imeneyo unali wakuti mtsikana atuluke m'nyumba ya asisitere atavala ngati mkwatibwi, alowe m'tchalitchi atagwira mkono wa bambo ake, kenaka akavule zokongolazo ndi kuvala chovala chokhakhala cha chipani. Louis anali atayamba kale kudwala matenda a m'mutu, amene patangopita mwezi umodzi anamugoneka m'chipatala ku Caen kwa zaka zitatu. Koma tsiku limenelo anali bwino, ndipo za diresi la mwana wake wotsiriza anali atalamula yekha. Linali la veleveti woyera, ndipo m'mphepete mwake anaikamo lesi ya ku Alençon.